Mutu 5: Pepala la pa Botolo la Uchi

1. Dzanja labwino

Kusukulu palibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kadokotala, chifukwa mnzake akadandaula mutu, iye ankayamba kumufunsa kuti wamwa madzi ochuluka bwanji ndipo wadya chiyani. Anali mu Fomu 3, ndipo ankakhala kwa amalume ake chifukwa kwawo kunali kutali ndi sukulu.

Amalumewo anali mlimi wa njuchi. Ankafula uchi m'ming'oma yawo, kuusefa pa nsalu yoyera, kuuthira m'mabotolo n'kukaugulitsa pa benchi yawo pakhomo la msika.

Teremu yachiwiri kusukulu kunali chionetsero cha sayansi, ndipo Kadokotala anasankha kufufuza za uchi. Aphunzitsi a sayansi anamubwereka mapepala a kafukufuku. M'menemo anawerenga kuti akatswiri ena anaika uchi m'timbale tagalasi momwe munali mavairasi a chimfine ndi ena oyambitsa zilonda za pamilomo, ndipo mavairasiwo analephera kuswana. Anafotokoza zimenezi bwino kwambiri moti anakhala nambala 2 pa sukulu yonse.

Anthu atabalalika, aphunzitsi aja anamuitanira pambali.

"Wachita bwino, koma ndimvere," anatero. "Kambale ka mu labotale si thupi la munthu. M'kambale, uchi umakhudzana ndi vairasi mwachindunji. Munthu akaudya umapita m'mimba, umagayika, ndipo umafika m'magazi uli shuga basi. Komanso mavairasi ndi mitundumitundu. Chimene chafooketsa mtundu umodzi, wina sichiukhudza n'komwe. Uchi umafewetsa pakhosi, umachepetsa kutsokomola, umathandiza mabala ena kupola. Zimenezo n'zoona. Zinazo akatswiri akufufuzabe. Anthu ayamba kukukhulupirira tsopano, ndiye usamanene zopitirira pamene ukudziwa. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha. Koma maso ake anali pa satifiketi imene inali m'manja mwake.

Kunyumba amalume anasangalala kuposa mwiniwake.

"Ndiye kuti uchi wangawu ndi mankhwala? Zaka zonsezi ndimagulitsa mankhwala osadziwa!" Anabweretsa mapepala oduladula, guluu ndi cholembera chachikulu chakuda. "Iwe uli ndi dzanja labwino. Lemba timate pa mabotolo."

Kadokotala analemba kuti: Uchi umathandiza pakhosi ndi chifuwa.

"Aaa, zimenezo ndani sadziwa?" anatero amalume. "Lemba zakusukulu zija, zapamwamba zija."

Kadokotala anatenga pepala lina n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti UCHI WOPHA MAVAIRASI. Kumapeto kwa mzere kunatsala malo, ndipo pepalalo linkaoneka lopendekera mbali imodzi. Popanda womuuza anawonjezera liwu lakuti ONSE. M'munsi mwake analemba timalemba ting'onoting'ono: Zatsimikizidwa ndi a sayansi.

Tsiku limenelo analemba mapepala makumi anayi. Sabata zotsatira analembanso ena, chifukwa uchi unayamba kuyenda malonda.

2. Chinsinsi cha atelala

Patapita miyezi iwiri, pa tchuthi, siketi ya yunifolomu ya Kadokotala inali itafupika. Lachiwiri m'mawa anapita nayo kwa atelala kuseri kwa msika.

Atelalawo anali mayi wansangala amene ankamusokera kuyambira ali mu Fomu 1. Kachipinda kawo kanali kodzaza ndi zidutswa za nsalu, ndipo munthu ankamva kuseka kwawo asanafike pakhomo. Tsiku limenelo makina anali zii.

"Odi!"

"Lowa, mwana wanga. Ee, wakulatu iwe! Siketiyi ukuilakwira."

Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa chouma. Kadokotala anawayang'anitsitsa. Diresi limene kale linkawathina linali litayamba kulendewera m'mapewa. Pakhosi, kutsikira kuphewa lamanzere, panali matuza aang'onoang'ono ondandalika ngati munthu wapsa ndi moto. Atelalawo anayesa kulowetsa ulusi pa singano katatu konse, koma analephera.

"Amayi, simukupeza bwino?"

"Ndi matenda akutuluka amenewa," anatero atelala. Anatambasula dzanja kuseri kwa makina n'kutenga botolo la uchi ndi supuni. Kadokotala anazindikira zilembo zake nthawi yomweyo. "Tatseka chitsekocho, ndikuuze nkhani. Iweyo ndiwe woyenera kuimva."

Anatseka.

"Ine ndili ndi kachilombo ka HIV. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikumwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Ndinatopa, mwana wanga. Kukhala pa mzere kuchipatala, kubisa botolo makasitomala akalowa, kumakumbukira nthawi ngati ndine wotchi. Ndiye tsiku lina ndinaona pepala ili pa benchi ya amalume ako. Ndinawafunsa kuti analemba ndani. Iwo anati, 'Mwana wa mlongo wanga, amene anapambana pa za sayansi uja.' Ndinati basi, mwana ameneyo ndimamudziwa, sanganame. Mapiritsi ndinawasiya. Pano ndi supuni zitatu m'mawa, zitatu masana, zitatu madzulo."

"Munasiya liti?" Mawu a Kadokotala anatuluka ang'onoang'ono.

"Yakwana miyezi iwiri kuchotsapo masiku owerengeka. Koma zimenezi zithere muno. Ngakhale mwana wanga sadziwa."

Atelala ankamuyang'ana mwachikondi, akunyambita supuni. Kadokotala anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma anachita mantha. Nthawi yomweyo wina anagogoda, kasitomala wodzatenga malaya ake.

"Ubwere Lachisanu, udzaipeza yatha," anatero atelala.

Kadokotala anangoti, "Zikomo," n'kutuluka.

3. Mawu a anamwino

Anaima panja kanthawi, njinga zikumulizira belu kuti apatuke. Kenaka anatembenuka n'kulunjika kuchipatala chaching'ono cha m'deralo.

Anthu anali ambiri. Anakhala pa benchi ya pakhonde kwa maola awiri, pakati pa mayi wa mwana wolira ndi bambo womanga bandeji kuphazi. Nthawi yake itakwana analowa kwa anamwino, mayi wachikulire wovala magalasi amene ankalemba osadzutsa mutu.

"Chikukuvuta n'chiyani?"

"Sindikudwala ine. Ndabwera kudzafunsa. Pali munthu wina anasiya kumwa ma ARV. Akumwa uchi m'malo mwake."

Cholembera chinaima. Anamwino anavula magalasi.

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Pafupifupi miyezi iwiri. Waonda, akutsokomola, ndipo ali ndi matuza pakhosi mbali imodzi."

"Anamuuza ndani kuti uchi umachiza?"

Kadokotala anayang'ana pansi. Anafotokoza zonse: za chionetsero, za timbale tagalasi, za mapepala a pa mabotolo ndi liwu limene anawonjezera yekha. Anamwino sanamudule mawu. Atamaliza, anamwinowo anapumira m'mwamba.

"Khala bwino undimvetsetse, mwana iwe. Ine uchi sindidana nawo. Kunyumba kwanga ulipo, ndipo ndikamva kukhosi kukanda ndimathira m'madzi ofunda. Kungoti mwana wosakwana chaka sitimupatsa. Koma kachilombo ka HIV kamabisala m'kati mwa maselo a thupi, kumene supuni ya uchi singafike. Ma ARV amakapanikiza kuti kasaswane. Munthu akasiya, pakangopita masabata ochepa kamadzuka n'kuyamba kuswana, chitetezo cha m'thupi n'kumatsika. Matuza ukunenawo akhoza kukhala mashingozi, ndipo chifuwacho tiyenera kuchiyeza msanga, mwina n'chachikulu. Chinanso, kusiyasiya mankhwala kumapangitsa kachilombo kuwazolowera, moti nthawi zina munthu akayambiranso sagwiranso ntchito bwino ngati kale.

"Ndagwira ntchito ino zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndaona anthu akusiya mankhwala chifukwa cha madzi a m'botolo, chifukwa cha mizu, chifukwa cha ufa wogula pamsewu. Onsewo sanali opusa. Anali anthu otopa, ndipo munthu wotopa amakhulupirira msanga amene wamuuza kuti apume. Ena anabwerera nthawi ilipo, lero akulera zidzukulu. Ena anabwera atanyamulidwa, ndipo sitinathe kuchitapo kanthu."

Misozi inalengeza m'maso mwa Kadokotala. "Amwalira?"

"Ngati abwera msanga, mwayi ulipo waukulu. Dzina lake sindikufunsa, chifukwa anakuuza mwachinsinsi. Komanso ine ndikapita ndi yunifolomu yangayi akaganiza kuti ndabwera kudzamukalipira. Anakhulupirira iwe. Ndiwe wemwe ukamuuze kuti unalakwitsa. Timaweruka 4 koloko. Mukafika musakhale pa mzere, mudzagogode chitseko chino."

Kadokotala anaimirira.

"Ndipo mapepala akowo," anawonjezera anamwino, "asagonenso pa botolo lililonse."

4. Pa benchi ya amalume

Inali itadutsa 1 koloko pamene anafika pakhomo la msika. Amalume anali atandandalika mabotolo m'mizere itatu, lililonse ndi pepala lake, ndipo ankakupiza ntchentche ndi kansalu.

"Wabwera bwino, mlembi wanga! Mapepala atsala pang'ono kutha."

"Amalume, tiyenera kuwachotsa onsewa."

"Wati bwanji?"

"Zimene ndinalembazi si zoona. Uchi supha mavairasi onse. A sayansi sanatsimikize zimenezo. Ndinakokomeza."

Amalume anayang'ana uku ndi uku. Mayi wogulitsa mazira pambali pawo anali atatchera kale khutu.

"Tsitsa mawu. Wadya chiyani lero?"

"Pali munthu anasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha pepalali. Wadwala kwambiri."

"Ndani?"

"Sindinganene."

"Sunganene!" Amalume anamenya benchi, mabotolo n'kugundana. "Ine ndinauza munthu kuti asiye mankhwala? Ndinamutsatira kunyumba kwake n'kukamulanda? Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Njuchi zakhala zikundiluma kuyambira iwe usanabadwe. Zaka zonsezo anthu ankadutsa pa benchi ino ngati pali mwala. Lero ayamba kuima, ayamba kundipatsa moni waulemu, ndiye iwe ukufuna ndiwauze kuti ndinkawanamiza? Mawa ndiyenda bwanji mumsika muno? Adzati uchi womwewo ndi wabodza, ndimathira madzi ndi shuga. Mbiri ya munthu ikaipa pamsika siyeranso. Ndiwe mwana, sudziwa mmene dziko limayendera. Analemba ndiwe, anawerenga mabuku ndiwe. Ngati unalakwitsa, khala chete, mabotolowa athe, ena otsatira tidzalemba zina. Palibe adzadziwe."

Kadokotala anayang'ana manja a amalume ake, otupatupa ndi mbola za njuchi. Manja omwewo ndi amene anamukhomera tebulo lowerengera atangofika kwawo. Kenaka anatenga botolo loyamba, nalowetsa chikhadabo pansi pa pepala n'kulimatula.

"Iwe!"

Anatenga lachiwiri. Guluu anali atagwira kwambiri, ndipo pepala linang'ambika pakati. Anapala chotsalacho ndi chikhadabo mpaka chinachoka.

Anthu anayamba kuima. Amalume sanafune kulimbana ndi mtsikana pamaso pa gulu, choncho anangoima manja ali m'chiuno. Kadokotala anamatula mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Chala chimodzi chinayamba kutuluka magazi m'mbali mwa chikhadabo. Anasonkhanitsa mapepala onse n'kuwaika m'thumba la diresi.

Amalume anawerama n'kulankhula motsitsa, kuti amve yekha.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ukachoka pano ndi mapepala amenewo, ukalongedze katundu wako. Sukulu ikatsegulidwa uzikachokera kwa amayi ako. Tione ngati ukafike ndi miyendo."

"Pepani, amalume," anatero Kadokotala. "Uchi wanu ndi wabwino. Cholakwika ndi pepala langa."

Ndipo anachoka.

5. Ulendo wa kuchipatala

Atelala anali atatsamira makina, maso ali tseke. Atamva chitseko anadzidzimuka.

"Lachisanu lafika kale?"

Kadokotala anatulutsa mapepala aja n'kuwaunjika pa tebulo lodulira nsalu. Kenaka anagwada pa simenti, pakati pa zidutswa za nsalu.

"Amayi, ndinakulakwirani. M'mawa muja ndinachita mantha kunena. Uchi sungaphe kachilombo ka HIV. Zimene ndinawerenga zinali za mavairasi ena, ndiponso zinachitikira m'timbale ta mu labotale, osati m'thupi la munthu. Liwu lakuti 'onse' ndinangoliwonjezera ndekha kuti pepala lioneke bwino. Matuzawo si matenda akutuluka ayi. Ndi chitetezo chanu chikutsika."

Panja wina ankakhoma malata.

"Kuti pepala lioneke bwino," anabwereza atelala pang'onopang'ono.

"Inde, amayi."

"Ukudziwa kuti ndinavina m'chipinda chino tsiku limene ndinaona pepalali? Ndekhandekha, ngati wamisala. Ndinati Mulungu wandikumbukira." Mawu awo anakwera. "Iwe mwana, unkaganiza kuti amene aziwerenga ndi ndani? Mitengo? Ife amene sitinapite patali ndi sukulu tikaona zolembedwa timati n'zoona!"

Chifuwa chinawagwira, ndipo anatsokomola mpaka misozi. Kadokotala anadzuka n'kuwathirira madzi m'kapu. Poyamba anakankha dzanja lake, kenaka analandira.

"Ndinapita kwa anamwino," anatero Kadokotala. "Dzina lanu sindinatchule. Akuti mukabwera msanga mwayi ulipo waukulu. Akutidikira mpaka 4 koloko, ndipo sitikhala pa mzere."

"Akandikalipira. Akati mayi wamkulu ngati ine kupusitsidwa ndi botolo."

"Akakalipira ine. Andikalipira kale."

Atelala anayang'ana chala cha mtsikanayo chimene chinali ndi magazi ouma, kenaka mulu wa mapepala uja.

"Amalume ako akuti chiyani?"

"Andithamangitsa."

"Hmm." Anapukuta m'maso ndi kansalu. Anatsegula kabati ya makina, ndipo pansi pa mabatani ndi mazipi anatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala. "Tatseka windolo. Unditengere ndi juzi yanga ili pa msomaliyo."

Anayenda pang'onopang'ono, atelala atagwira mkono wa Kadokotala. Dzuwa linkaswa mtengo, ndipo anapuma kawiri, koyamba pa sitolo ya zitsulo, kachiwiri pa mthunzi wa mpanda wa sukulu ya mkaka. Kadokotala anafunsa nthawi kwa bambo wina wokonza njinga. Inali itangodutsa 3 koloko.

Denga la chipatala litayamba kuoneka, atelala anaima mwadzidzidzi. Zala zawo zinafinya mkono wa Kadokotala mpaka kupweteka.

"Mayo ine!"

"Bwanji, amayi? Chizungulire?"

"Si chizungulire." Nkhope yawo inali itasinthiratu. "Mwana wanga, ine sindinamwe ndekha uchi umenewu. Tili ndi gulu lathu, ife omwa mankhwalawa. Timakumana kamodzi pa mwezi kulimbikitsana. Mwezi watha ndinapita ndi botolo, ndinaimirira kutsogolo n'kuwawerengera pepala lako. Ndinawauza kuti ine ndasiya ndipo ndikupeza bwino."

Kadokotala anafunsa kuti, "Analipo angati?"

"Khumi ndi mmodzi. Ena anandiseka. Koma anayi anandifunsa kumene kuli benchi ya amalume ako."

"Mukudziwa kumene amakhala?"

"Atatu ndikudziwa. Wachinayi ndi mtsikana wachilendo, anabwera ulendo umodzi wokhawo. Sindidziwa dzina lake ngakhale kumene amachokera. Chimene ndikukumbukira n'chakuti anakhala pafupi ndi chitseko, ndipo anali woyembekezera."